Ndani Anaika Miyala M'bwato Langa

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Abusa andiuza kuti umboni uwu ndichite kulemba. Tsiku lija anandipatsa mpata kutsogolo ndinadya nthawi ya kwaya ndi ya chopereka yomwe, ndisanafike n'komwe pa Yesu. Ndiye ndalemba. Mukapeza poseketsa sekani, koma dziwani kuti mwini wake panthawiyo sankaseka.

Ine ndinali munthu wothawa. Ena tchimo lawo ndi kuba, ena miseche. Langa linali m'miyendo.

Ndinabadwira kufupi ndi Fort Lister, pampata wa Mulanje ndi Michesi, kumene madzi timawadziwa akakhala m'ndowa. Sukulu inkandikonda, mpaka ndinasankhidwa kupita ku koleji mumzinda. Chaka chachiwiri, tsiku la mayeso, ndinawerenga funso loyamba ndipo mtima unayamba kugunda ngati ng'oma ya tchopa. Ndinakweza dzanja n'kupempha kupita kuchimbudzi. Woyang'anira anandilola. Mpaka pano koleji ija ikudziwa kuti ndidakali kuchimbudzi.

Anthu amati ndinalephera mayeso. Amandinamizira. Munthu amalephera akadikira zotsatira, ndipo ine sindinadikire.

Moyo wanga wonse unkayenda choncho. Ndikangoona kuti nkhani ikupita kumapeto, ndinkanyamuka. Mantha ndinkawaphimba ndi nthabwala, ndipo nthabwala zikatha ndinkawaphimba ndi kachasu.

Mkazi wanga Fanesi ndinamupeza pamsika wa Chiringa akugulitsa mpunga. Chimene anaona mwa ine amadziwa ndi Mulungu. Titakwatirana ndinapita kukakhala chikamwini kwawo, kumunsi uko kufupi ndi nyanja yaing'ono ya Mpoto, ndipo anthu akumeneko anandipatsa dzina loti a Koleji.

Mudzi wa kwa mkazi wanga uli ndi khalidwe lake. Chilimwe umakwera njinga n'kudutsa dambo kukafika kuchipatala chaching'ono kutsidya. Dzinja dambo lija limasanduka nyanja, mudzi n'kukhala chilumba. Wopanda bwato amangoona malata a chipatala akunyezimira patali.

Kumeneko ndinapezanso apongozi anga, mayi ake a Fanesi, amasiye. Mwambo mukuudziwa: mkamwini ndi apongozi sayang'anizana, sakhala mphasa imodzi, mukakumana panjira wina amapatuka. Apongozi anga mwambowu ankausunga kuposa Sabata. Akafuna kundiuza kanthu ankabwera kuseri kwa mpanda wathu n'kulankhula ndi mbuzi.

“Mbuzi iwe, uwauze eni nyumba ino kuti denga la nkhokwe likudontha.”

Ine ndinkayankha ndili m'kati. “Mbuzi, uwathokoze mayi. Uwauze kuti nkhaniyi ili m'manja mwa komiti.”

Mbuzi ija inkadziwa za banja lathu kuposa ankhoswe.

Tsopano ndifike pamene palibe choseketsa. Mwana wathu woyamba anabwera m'dzinja, madzi atadzaza. Mabwato a m'mudzi anali atapita ndi eni ake kunyanja kukapha nsomba. Ndinathamanga gombe lonse kufuna bwato, osalipeza. Fanesi anachirira pagombe pomwepo, amayi atamutchinga ndi zitenje. Mwanayo sanalire.

Mwana wotero amakaika amayi okhaokha, mopanda maliro, mopanda nyimbo. Bambo sapitako. Sindinamuone nkhope, ndipo pamene anagona sindipadziwa. Chisoni changa chinasowa pokhala, ndiye ndinachitengera kwa mayi ophika kachasu kumapeto kwa mudzi. Chinakhala kumeneko nthawi yaitali, ine ndili nacho limodzi.

Fanesi ankapemphera. Ine ndinkamuperekeza mpaka pakhomo la tchalitchi chino, n'kukhala benchi la kukhomo. Ulaliki ukayandikira poitanira anthu kutsogolo, ndinkatuluka mwaulemu ngati munthu woitanidwa pa foni. Ena a inu munkandiona.

Kenako Fanesi anaimanso. Titawerengera miyezi tinapeza kuti mwana adzabwera m'dzinja ngati poyamba paja. Kusikelo anamwino anamuuza kuti magazi ake akuthamanga, ndipo adzapite kuchidikiro nthawi isanakwane. Anatinso akadzangoona mutu ukupweteka, mapazi ndi manja zikutupa, asadzadikire mawa.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuona nkhope ya mkazi wanga. Ndinkangoyang'ana mapazi ake. Akamasesa, ndili pa mapazi. Akamadya, ndili pa mapazi. Iye anafika pondifunsa ngati ndikufuna kumugulira nsapato.

Ndinalengeza pamowa kuti ndigula bwato latsopano, mwinanso la injini. Ndinapitadi kwa okhoma mabwato kugombe lalikulu. Atanditchulira mtengo ndinawathokoza kwambiri, ndinawauza kuti ndikaganizira mtundu wa penti, n'kubwerera.

Kuseri kwa nyumba ya apongozi, pansi pa mtengo wa mango, panali bwato lakale la matabwa la malemu amuna awo. Linali lovundikira, ndipo abakha anali ataikiramo mazira kwa mibadwo ingapo ya abakha. Kumbuyo linali lowola. M'mipata ya matabwa munkalowa chala.

Ndinaima kuseri kwa mpanda wawo n'kukhosomola. “Mbuzi, uwafunse mayi ngati munthu angaligwireko bwato lija.”

Kenako ndinamva mawu awo. “Mbuzi iwe, uwauze kuti mwini wake sabweranso kudzalifuna. Koma abakha awapezere kokhala.”

Ndinayamba ntchitoyo m'nyengo ya dzuwa loswa mtengo. Tsiku loyamba nditapala utoto wakale ndi chikwanje, panatuluka fungo limene linandiimitsa. Unali mkungudza, mtengo wa m'phiri la kwathu. Fungo la chitseko cha nyumba ya mayi anga. Ndinakhala pansi pafumbipo n'kuliuza bwatolo kuti, “Kani nawenso ndiwe wakuphiri, unadzakwatira kumadzi ngati ine.” Kuyambira pamenepo tinagwirizana.

Matabwa owola ndinawazula. M'malo mwake ndinaikamo chitseko cha khitchini yathu, nditachicheka ndi sowo yobwereka. Fanesi anaphika miyezi imeneyo nkhuku zikulowa ndi kutuluka. Misomali yadzimbiri ndinkaizula n'kuiwongola pamwala. M'mipata ndinkatsindiramo nsanza za thonje ndi tchizulo, pang'onopang'ono, kenako n'kumata phula losungunula m'chitini. Phula lija linandiwotcha zala mpaka foni inasiya kundizindikira.

Mowa ndinayamba ndausiya. Musaganize kuti ndinalapa. Manja onjenjemera amapinda misomali, ndipo misomali inali yochepa.

Ndikagwira ntchito choncho mantha ankachepa. Ndikangoimika hamala ankabwerera onse. Ndinkayang'ana mitambo kumbali ya Michesi, n'kuyang'ana bwato, n'kupita kukayang'ana mapazi a Fanesi.

Mvula yoyamba itadzaza khwawa la kumunsi kwa mudzi, ndinaitana amuna kuti andithandize kulinyamula. Mlamu wanga Dayisoni, mchimwene wake wa Fanesi, amene ndi msodzi, anali kutsogolo. Amayi ndi ana anatsatira. Ine ndinavala jekete lija ndinapita nalo ku koleji, chifukwa chinthu chachikulu chimafuna ulemu.

Tinalikankhira m'madzi. Ndinakwera ndekha, n'kuimirira pakati ngati phungu.

Madzi anayamba kulowa. Sanalowe pamalo amodzi ayi. Analowa paliponse, m'mipata yonse, ngati ndakwera lichero. Anafika m'mapazi, anafika m'misongolo. Bwato linakhala pansi mwaulemu, ine ndili chiimire m'katimo, madzi ali m'mawondo, jekete lili bwinobwino.

Anthu anaseka. Dayisoni anaseka mpaka anagwira bango kuti asagwe.

Ndinatuluka m'madzimo, ndinadutsa pakati pa anthu osayang'ana aliyense. Kumbuyo ndinamva Dayisoni akuitana. “Alamu, taimani kaye. A Koleji, tamverani.” Sindinaime. Miyendo inkaidziwa njira ya kwa mayi a kachasu, ndipo inandifikitsa.

Kunyumba ndinakhazikitsa lamulo lakuti mawu akuti bwato asamveke. Fanesi anayesa kangapo.

“Bambo, paja bwato lija amayi akuti...”

“Ndikupita kuchimbudzi.”

“Mwachokerako posachedwa.”

“Ndinaiwalako kanthu.”

Dayisoni ndikamuona panjira ndinkalowa m'chimanga cha eni ake. Apongozi akabwera kuseri kwa mpanda n'kuyamba kuti “Mbuzi iwe,” ine ndinkatulukira kumbuyo. Mwambo unandithandiza kwambiri masiku amenewo. Palibe mkamwini amene anawapatsa apongozi ake ulemu wothamanga ngati umene ndinawapatsa ine.

M'mawa wina ndinazemba kupita kukhwawa kuti ndikalione. Madzi anali atakwera. Bwato linali pansi, likuoneka mbuu, litamangidwa ndi chingwe pachikhomo. M'kati mwake munali miyala. Miyala ikuluikulu, yoikidwa bwino, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo.

Kudambo kulibe miyala. Malo okha amene imapezeka m'mudzi umenewo ndi kachitunda ka kuseri kwa manda. Ndiye kuti munthu wina anaisenza kuchokera kumanda, ulendo ndi ulendo, kudzaika m'bwato limene ndinkafuna kuwolotsera mkazi wanga.

Ndinaganiza kuti wina akuliika maliro. Ndinaganiza kuti akutiuza kuti mwana uyunso sawoloka. Sindinauze munthu. Ndinayamba kuweruza mudzi wonse mumtima: uyu anandipatsa moni mozizira, uyu anaseka kwambiri tsiku lija, uyu agogo ake ankanenedwa. Chakudya chinasiya kulowa. Ngakhale kalongonda amene ndimamukonda ndinkangomuyang'ana. Kachasu yemwe anasiya kugwira ntchito, ndinkamwa n'kukhalabe wamantha, kungoti wamantha wodzandira.

Mvula inapitiriza. Njira ya njinga inatsekeka msanga kuposa zaka zina. Tinapangana kuti Dayisoni adzamuwolotsa Fanesi kupita kuchidikiro mwezi ukatha. Dayisoniyo anapita kaye kunyanja ndi anzake, kumene asodzi amakhala m'tizisakasa toyandama pakati pa mlulu, ndipo foni kumeneko sigwira. Mabwato onse anapita nawo.

Mwezi usanathe, m'mawa wina dzuwa litangotuluka, Fanesi anandiitana. Anali atakhala pamphasa atagwira mutu.

“Mutu ukundipweteka kuyambira dzulo. Ndikuona tinyenyezi.”

Ndinayang'ana mapazi. Anali ngati mikate. Zala za m'manja zinali zitatupa mpaka mphete inalowa m'mnofu.

Ndinaimirira. Ndikuuzani zoona pamaso pa Mulungu, sindikudziwa kumene ndinkafuna kupita, koma miyendo inali itayamba kale. Fanesi anandigwira pamkono ndi dzanja lotupalo. Anagwira zolimba.

“Lero simupita kuchimbudzi,” anatero.

Kunja ndinamva mapazi a apongozi. Mbuzi inali isanatulutsidwe n'komwe m'khola, koma iwo analankhula nayo chomwecho.

“Mbuzi iwe, uwauze akavuule bwato. Tsopano lino.”

Ndinafuna kuwauza kuti bwato lija ndi lichero, ndiponso kuti muli miyala ya kumanda. Koma bwato lina kunalibe, ndipo mkono wanga unali m'dzanja la mwana wawo. Ndinapita.

Madzi anali m'chifuwa. Ine kusambira sindidziwa. Ndinkamiza mutu, n'kugwira mwala, n'kuutulutsa, n'kuuponya kumbali. Amayi ena a m'mudzi anabwera n'kuima m'mphepete. Mwala uliwonse ndinkaugwira ngati ndikugwira njoka. Kumaso kwanga kunkabwera zitenje zija anamutchingira Fanesi pagombe lomwelo.

Pamenepo ndi pamene ndinapemphera koyamba m'moyo wanga popanda nthabwala. Mawu ake sanali okongola. Ndinati, “Ambuye, ndine uja ndimakhala kukhomo. Ndikuopa. Ndikufuna kuthawa. Gwirani miyendo yangayi.”

Matope anandigwira mpaka m'mawondo. Sindikunena kuti chinali chozizwitsa, matope akumeneko amagwira aliyense. Ndikungonena kuti ndinapempha, ndipo sindinachoke.

Mwala womaliza unali pakati penipeni, wosalala, wophwatalala, wolemera kuposa yonse. Nditautulutsa m'madzi ndinauzindikira. Inali mphero ya apongozi anga, imene ankaperera mapira pakhonde pawo tsiku ndi tsiku. Ndinakumbuka kuti panali patapita masabata ndisanamve phokoso lake.

Ndinaima nayo m'manja ngati munthu wanyamula mwana wa eni ake. Apongozi anali pagombe, atapenya kumbali.

Bwato linadzuka lokha mpaka milomo yake inaonekera. Amayi aja anandithandiza kulikokera posaya, tinalipendeketsa, n'kuyamba kukapa madzi ndi zigubu zodula. Titafika pansi ndinasiya kukapa n'kuyang'anitsitsa m'mipata, kudikira lichero lija.

Madzi sanabwere. Matabwa anali atafufuma n'kulumana, nsanza zija zitapanikizika m'kati. Pamene pankalowa chala, ngakhale udzu sukanalowa.

Apongozi anayandikira, n'kuligwira bwatolo pamlomo. Analankhula nalo, osati ndi ine.

“Wamwa, wakhuta. Mwini wako ankakumiza chonchi chaka chilichonse ukakhalitsa padzuwa. Thabwa louma silitseka pakamwa. Tinkafuna kuwauza a Kolejiwa, koma liwiro lawo ndi la njinga yamoto.”

Mudzi wonse unkadziwa zimenezi, abale. Tsiku lija sankaseka bwato. Ankaseka jekete.

Tinamugoneka Fanesi pakati pa bwato, pamphasa yopinda. Apongozi anakhala kutsogolo ndi chigubu chokapira, atandifulatira monga mwa mwambo. Ine ndinaima kumbuyo ndi nsungwi yokankhira, nkhafi ili pamapazi anga. Ndinali ndisanayendetsepo bwato chibadwire.

Tinayamba ndi kuzungulira pamalo amodzi.

“Bwato iwe, kumanja,” anatero apongozi. Ndinakankha. “Bwato iwe, kumanja kwake ndi uku kuli mtengo wa mgwalangwa.”

Pang'onopang'ono tinalowa m'dambo. Tinadutsa pamwamba pa minda ya anthu, ngaiyaye za chimanga zikutikwangwaza pansi. Dzuwa linakwera. Malata a chipatala ankaoneka, koma sankayandikira. Fanesi anali atatseka maso. Ndinkamuitana kawirikawiri kuti ndimve mawu ake, mpaka anandiuza kuti ndisiye kumusokosa.

Pakati pa dambo pamadutsa mtsinje weniweni, umene chilimwe timawoloka pa mlatho wamitengo. Titafika pamenepo ndinaponya nsungwi, ndipo sinapeze pansi. Ndinatsala pang'ono kuitsatira. Madzi anagwira bwato n'kuyamba kulitembenuza, kulitengera kumunsi kumene kuli nyanja. Pa thabwa lija la chitseko cha khitchini panayamba kuchucha madzi pang'ono. Fanesi anati, motsitsa, “Kukuda.”

Ndinauma. Kunalibe chimanga cholowamo, kunalibe khomo lotulukira. Moyo wanga wonse ndinali ndisanakhalepo pamalo opanda kothawira, ndipo sindinkadziwa chimene munthu amachita akafika pamenepo.

“Bwato iwe,” anayamba apongozi. Kenako anasiya.

Anatembenuka thupi lonse. Anandiyang'ana m'maso. Zaka zonse zija ndinali ndisanaonepo nkhope yawo pafupi. Ali ndi maso a Fanesi.

“Mwana wanga,” anatero, “siya nsungwiyo. Khala pansi. Tenga nkhafi. Palasa mbali iyi, usayang'ane madzi, uziyang'ana ine. Bwatoli walikonza ndiwe, ndipo walikonza bwino. Palasa.”

Ndinakhala pansi. Ndinapalasa. Iwo ankakapa ndi dzanja limodzi, lina lili pamphumi pa mwana wawo, akuyimba chapansipansi nyimbo ya m'buku imene timayimba muno. Ine ndinkapalasa ndikulira, ndipo sindinachite manyazi. Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Ndinangomva pansi pa bwato pakukhudza udzu.

Kutsidya anyamata a kabaza anatithandiza. Kuchipatala chaching'ono anamwino atamuyeza Fanesi sanalankhule zambiri, anangoyimba foni kuitana ambulansi. Masana omwewo tinali kuchipatala chachikulu, ndipo anamulowetsa kuchipinda cha opaleshoni. Apongozi anapita mbali ya amayi. Ine anandilozera benchi pakhonde.

Tsopano tamverani mmene Mulungu amadziwira munthu wake. Moyang'anizana ndi benchi lija munali chitseko. Pachitsekopo panalembedwa kuti chimbudzi cha abambo. Kupitirira pamenepo kunali geti, lotsegula, ndi msewu wopita ku Chiringa.

Ndinachiyang'ana chitsekocho masana onse. Miyendo inkafuna kunyamuka yokha. Nthawi iliyonse namwino akatuluka, mtima unkandiuza kuti nyamuka usanamve. Ndinagwira benchi ndi manja awiri n'kubwereza pemphero langa lomwe lija, chifukwa lina ndinalibe. Ndinawonjezerapo mawu ochepa. Ndinati, “Yesu, kaya zotsatira zikhala zotani, ndizimvera pompano, koma musandisiye ndekha.”

Ndipo sanandisiye. Sindinaone kuwala, sindinamve mawu. Mantha sanachoke n'komwe. Koma pabenchi paja sindinali ndekha, ndipo ndinadziwa zimenezo monga mmene munthu amadziwira kuti m'chipinda mwalowa wina ngakhale asanatembenuke.

Dzuwa litapendeka, namwino wina anatuluka atavula chophimba kukamwa.

“Amuna ake a Fanesi ndi ati?”

Ndinaimirira. Ndinati, “Ndilipo.”

Anati mayi ali moyo, magazi ayamba kutsika. Anati mwana ndi wamkazi, wamng'ono kwambiri, akhala masiku m'chipinda chofunditsira, koma mapapo ake ndi abwino. Anatsegula chitseko pang'ono kuti ndimve. Abale, ndamvapo makwaya ambiri, yathu ino ndimailemekeza. Koma kulira kuja.

Apongozi anamutcha Tawoloka. Ndi uja amakoka nsalu ya patebulo la Mgonero.

Ndinabatizidwa madzi atayamba kuphwa, m'khwawa lomwe lija. Abusa anandisunga pansi nthawi yotalikirapo kuposa anzanga. Iwo amati dzanja linaterereka. Ine ndikuganiza kuti apongozi anawalankhula.

Sindikufuna kukulalikirani kuti ine ndine bwato. Bwato silinamwepo kachasu, ndipo silinathawepo mayeso. Koma chimene ndinaphunzira ndi ichi. Nthawi imene ndinkaganiza kuti andiika maliro, panali wina amene ankasenza miyala pamutu chifukwa cha ine, mpaka kupereka mphero yake. Ine ndinkamuthawa, n'kumamuganizira zoipa. Ndi mmenenso ndinkachitira ndi Ambuye zaka zonse. Ankabwera kuseri kwa mpanda, ine n'kutulukira kumbuyo.

Musaganize kuti ndasanduka munthu wolimba mtima. Mitambo ikada kumbali ya Michesi, ndimathamangirabe kugombe kukaona bwato. Tawoloka akatentha thupi ndimayang'ana khomo. Njira ya kwa mayi a kachasu miyendo yanga sinaiiwale, kungoti tsopano ndimaiuza kuti ipitirire. Thabwa la chitseko lija limachuchabe mpaka lero, ndipo timayenda ndi chigubu.

Latsopano sindinagule, ndipo sindikulifunanso. Lakale lomweli lawolotsa amayi oyembekezera angapo a m'mudzi mwathu, ndipo silipita kunyanja kukapha nsomba ngakhale Dayisoni achonderere bwanji. Limakhala pagombe. Chilimwe chikatha ndimalimata phula n'kulimiza ndekha, miyala ndimasenza ndekha. Mphero ndinabweza kwa eni ake. Khitchini ilibebe chitseko, nkhaniyo ili m'manja mwa komiti.

Titabwerera kumudzi mwambo unabwereranso. Apongozi sanandiyang'anenso m'maso, ndipo timalankhulana kudzera mwa mbuzi monga kale. Koma tsiku lina ndinawamva kuseri kwa mpanda akuti, “Mbuzi iwe, uwauze ana anga kuti ndawasiyira makaka pakhonde.” Ndinadikira kuti amalize, ndipo ndinayankha ndili pomwepo.

Ndikuyamika Mulungu amene anasunga mkazi wanga ndi mwana wanga. Ndikumuyamika chifukwa sanatope kunditsatira. Ulemerero ukhale kwa Yesu, amene anafika pamalo oopsa kuposa pakati pa mtsinje, ali ndi mpata wothawa, koma sanathawe.

Tsopano ndilankhule ndi inu a benchi la kukhomo. Ndikukudziwani, malo amenewo ndinawatenthetsa ndine. Ndikudziwa mmene foni imalirira ulaliki ukayandikira kumapeto, ngakhale ili yozima. Sindikukuuzani kuti musiye kuopa, chifukwa inenso sindinasiye. Ndikungokupemphani kuti Lamulungu likubwerali mukhale mpaka Amen. Mukaona kuti miyendo yayamba, bwerani mudzakhale pafupi ndi ine, benchi lachitatu kuchokera kutsogolo, pakati penipeni, pamene munthu sangatuluke popanda kuponda anthu. Tidzadikira limodzi.